Cibenthu ca Botolo Cidziwa Kwao: Ulendo wa m'Makomboni a Lusaka

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu ambiri a kumudzi akamva dzina la Lusaka aganiza za nyumba zosanjikana za mu Cairo Road ndi magalimoto osawerengeka. Koma kumene abale anu agona ndi kudzuka ndi m'makomboni: Kanyama, George, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi ena otero. Sabata latha ndinatha masiku awiri ndiri kuyenda m'makomboni amenewa, maso ali pansi monga munthu amene wataya ndalama ya basi. Cimene ndinali kufuna ndi comwe cija inu amai mumakalipira ana kuti asapondepo, zibenthu za mabotolo.

Ulendowu unayamba ndi mkangano wa pa banja. Azakhali anga, amene anacoka ku Katete kalekale, akhala ku Mtendere. Anyamata amene anali kuwakumbira dzenje la cimbudzi catsopano anafukula khosi la botolo lobiriwira, lokhuthala kuposa mabotolo a masiku ano. Mdzukulu wao wa ku sekondale anati limeneli ndi la azungu oyamba, ndipo ogula zinthu zakale angapereke ndalama zambiri. Pomva za ogula zakale, azakhali analowa m'nyumba natulutsa kansanza komanga mfundo. M'menemo munali mikanda yofiira kunja, yoyera m'kati, imene anawasiyira agogo ao. Mdzukulu uja anati imeneyonso igulitsidwe, pakuti ndalama za mabuku ndi yunifolomu zinali kusowa.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, si ndiwe wolemba nyuzi?" anatero azakhali. "Tatiuza, zinthu izi zinacokera kuti, ndipo zakhala zaka zingati?"

Ndinacita manyazi, pakuti yankho ndinalibe. Ndinawapempha kuti asagulitse kanthu kufikira nditabweranso. Ndinayamba ndawerenga zimene akatswiri oyesa magalasi akale analemba, ndipo ndinadabwa kuona kuti zambiri zimene anena munthu angazione ndi maso m'makomboni mwathu momwemuno.

KANYAMA: MWALA WA LAIMU

Ndinayambira ku Kanyama, kumadzulo kwa njanji. Malo amenewa ndi a cidikha ndipo thanthwe liri pafupi ndi pamwamba, kotero kuti madzi a mvula acedwa kuphwa. Akuluakulu a kumeneko sanaiwale cigumula ca mu 1978. M'mbali mwa miseu ndinapeza amai atakhala pa dzuwa, nyundo ili m'manja, ali kuphwanya miyala yogulitsa kwa omanga nyumba.

Mwala umenewu ndi wa laimu, mbale wake wa uja aocha ku Chilanga popanga simenti. Amai aja sadziwa kuti mwala wa mtundu umenewu uli m'botolo liri lonse limene amweramo madzi. Galasi lipangidwa ndi zinthu zitatu: mcenga, soda ndi laimu. M'botolo la masiku ano, pa magawo 100 ali onse, pafupifupi 72 ndi mcenga, 14 ndi soda, 10 ndi laimu, ndipo otsalawo ndi tinthu tina ting'onoting'ono. Mcenga pa wokha ufuna moto woopsa kuti usungunuke. Soda ndiye aufewetsa kuti usungunuke msanga, pamene laimu alimbitsa galasilo kuti madzi asalidye. Zitatuzi aziika m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,500, ndipo zituluka zili ngati uci wa moto.

Anthu akale a m'maiko osiyanasiyana anali kutenga zinthu zitatuzi kumene anali kuzipeza pafupi. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse: galasi lisunga cizindikiro ca dothi ndi phulusa la kwao.

GEORGE: MCENGA ULI NDI KWAO

Kucoka ku Kanyama ndinakwera basi kupita kumpoto, ku George, komboni imene Boma linayamba kuikonza mu 1974 ndi cithandizo ca World Bank, pamodzi ndi Chawama. Kumeneko ndinaima pa milu ya mcenga wogulitsa. Mmisiri wina womanga nyumba anatapa mcenga pa mulu umodzi, naufikisa m'zala, nanena kuti uwu ndi wa kumtsinje. Anatapanso pa mulu wina, nati uwu ndi wa kudambo, uli ndi dongo. Sanafunse woyendetsa lole ai, zala zake zinamuuza.

Akatswiri oyesa magalasi acita cimodzimodzi, kungoti iwo zala zao ndi makina. Palibe mcenga woyera kotheratu. Wina uli ndi citsulo cambiri, wina uli ndi aluminiyamu wambiri, citsulo copepuka cija ca mapoto, ndipo wina uli ndi timiyala tosaoneka ndi maso tochedwa zirconi. Moto wa m'ng'anjo sucotsa zinthu zimenezi. Zikhala m'galasimo zaka mazanamazana, ngakhale botolo lisweke ndi kukwiririka. Ndico cifukwa cake opanga magalasi afunafuna mcenga wabwino. M'dziko lathu lino fakitale ya mabotolo inamangidwa ku Kapiri Mposhi, kumene kuli mcenga wotere. Inayamba nchito m'zaka za m'ma 1970 ndipo ng'anjo zake zinazima m'zaka za m'ma 1990.

MATERO: MITUNDU YA PA MPANDA

Matero ali pafupi ndi George. Anamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti anchito acikuda akhalemo ndi mabanja ao. Pa mipanda ina yakale eni nyumba anazika zibenthu za mabotolo m'simenti pamwamba, kuopsa akuba. Dzuwa la madzulo litawomba pa mpanda wina, ndinaona mitundu itatu: zobiriwira, zofiirira ndi zoyera mbee.

Mtundu uli wonse uli ndi mwini wake. Mabotolo akale anali kubiriwira okha cifukwa ca citsulo ca mu mcenga. Kufiirira kwa botolo la mowa kucokera ku citsulo ndi sulufule, ndipo acita dala kuti kuwala kwa dzuwa kusaononge mowa. Mkuwa, umene tikumba ku Copperbelt, upatsa galasi mtundu wa madzi akuya, ndipo mmisiri akasintha kaochedwe upatsa kufiira kwa njerwa. Kobalti, amene apezekanso m'migodi yomweyo, apatsa mtundu wa thambo wakuda bii, ngakhale aikemo pang'ono pokha.

Pali cinanso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, opanga mabotolo oyera anali kuthiramo mankhwala ochedwa manganizi kuti aphe kubiriwira kuja. Botolo lotere likakhala pa dzuwa zaka zambiri lisanduka lofiirira monga duwa la mbatata. Mukapeza cibenthu cotere pa bwinja la sitolo yakale kapena pa misoni, dziwani kuti ciyenera kuti cinaona masiku a agogo a agogo anu.

CHAWAMA: CIDULO NDI SODA

M'mawa mwake ndinapita kumwera, ku msika wa Chawama. Mabotolo a pulasitiki ndiwo aculuka tsopano, a saladi, a munkoyo ndi a parafini, koma a galasi akali kuzungulira pakati pa mabala ndi fakitale ya mowa. Ndinaima pa thebulo la amai ena ogulitsa therere ndi timapaketi ta soda. Nditawafunsa ngati therere la soda lifanana ndi la cidulo, anaseka nati, "Atate, munthu wokulira kumudzi angalawe kamodzi kokha, adziwa."

Inu nonse mudziwa kacezedwe ka nkhaniyi. Amai aocha zitsononkho, makoko a nsawa kapena a nthoci, naika phulusa m'cikombe coboola, nathira madzi, nacheza cidulo. Tsono mverani: kwa zaka mazana ambiri amisiri a magalasi analibe soda wa m'sitolo. Iwonso anali kudalira phulusa, ndipo phulusa la cimera ciri conse lisiya kukoma kwake m'galasi.

Mzinda wa Venice ku Italy ndiwo unachuka koposa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Amisiri ake, amene ng'anjo zao zinasamutsidwira pa cisumbu ca Murano mu 1291, anali kugula phulusa la zomera za m'mbali mwa nyanja ya mcere kucokera ku Syria, ndipo m'malo mwa mcenga wamba anali kusinja nsangalabwi zoyera za mu mtsinje wa Ticino. Pofuna galasi loyera ngati madzi anali kusungunula phulusalo m'madzi, kulisefa ndi kuliphika kufikira patatsala mcere wake wokha, monga momwe amai acezera cidulo. Zikho zao zinali zopepuka, ndipo mafumu a ku Ulaya anali kuzilimbirana.

M'nkhalango za ku Germany ndi Bohemia munalibe zomera za kunyanja. Kumeneko anali kuocha mitengo, ndipo phulusa la mitengo liri ndi potashi ndi fosiforasi, zomwe zija mumagula m'thumba la feteleza wa D Compound. Zikho zao zinali zobiriwira ndi zokhuthala. Ku England, m'zaka za m'ma 1670, George Ravenscroft anayamba kuthira mtovu m'galasi, citsulo colemera cimene cinali kukumbidwa ku Kabwe kufikira mu 1994. Zikho za mtovu zilemera m'manja ndipo zilira ngati belu ukazigogoda. Ku India amisiri anali kukokola dothi la soda limene lituluka loyera pamwamba pa nthaka m'cilimwe, monga makolo athu anali kukokola dothi la mcere m'madambo, ndipo galasi lao liri ndi aluminiyamu wambiri. Kuyambira ca m'ma 1830 soda wa m'fakitale anayamba kulowa m'malo mwa phulusa, ndipo galasi la soda ameneyu liribe zotsalira za zomera.

Motero katswiri akapeza potashi wambiri aganiza za nkhalango, akapeza mtovu aganiza za England ndi amene anatsanzira England, akapeza soda ndi aluminiyamu wambiri aganiza za India. Alawa therere, nadziwa dzanja limene linaphika.

KALINGALINGA: KULAWA KWA MAKINA

Kucoka ku Chawama ndinadutsa m'tauni kupita kum'mawa, ku Kalingalinga, komboni yoyandikana ndi University of Zambia imene inatsegulidwa mu 1966. M'mbali mwa Alick Nkhata Road amisiri aocherera zitseko ndi mafelemu a mazenera, ndipo ndinaona mnyamata ali kudula galasi la pa zenera ndi kacitsulo kakang'ono, nalithyola mowongoka ngati bisiketi. Poyang'ana nyumba za yunivesite ndinakumbukira zimene ndinawerenga za makina olawa galasi.

Alipo a mitundu iwiri odziwika. Oyamba agwiritsa nchito kuwala kwa mtundu uja ajambulira mafupa ku cipatala. Akawalitsa pa cikho, cinthu ciri conse ca m'galasimo ciyankha ndi kuwala kwakekwake, ndipo cikhoco sicionongeka. Aciwiri agwiritsa nchito kuwala kwamphamvu kochedwa laser, kumene kuboola kabowo kocepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kautsi kotuluka pamenepo kalowa m'makina amene awerenga zinthu zoposa 40 nthawi imodzi, ngakhale zimene zili gawo limodzi pa magawo miliyoni. Makina otere ndi odula, ndipo apezeka m'malo monga Field Museum ya ku Chicago ku America, kumene mikanda yambiri ya mu Africa yayesedwa.

Onani cimene makinawa anaulula. Amisiri ena a ku Venice anathawira ku Antwerp, ku Amsterdam ndi ku London, napanga zikho zofanana ndi za kwao kotero kuti ngakhale akatswiri anali kulephera kuzisiyanitsa ndi maso. Mu 2001 akatswiri a ku Antwerp anaonetsa kuti zikho zofukulidwa m'maenje a zinyalala a mzinda wao zingasiyanitsidwe poyesa zirconi: za ku Venice zenizeni zili ndi wocepa, pakuti nsangalabwi za mu Ticino ndi zoyera, pamene zopangidwa ndi mcenga wa kumpoto zili ndi woculukirapo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

KUNO KWATHU

Wina angafunse kuti, kodi za ku Venice zitikhudza bwanji ife a ku Petauke, ku Chadiza ndi ku Lundazi? Zitikhudza, pakuti galasi linafika kuno kale azungu asanabwere. Makolo athu anali kumwera m'zikho za mphonda ndi m'miphika, kotero galasi lambiri linabwera ngati mikanda, ngakhale kuti ku Chibuene, pa gombe la Mozambique pafupi ndi Vilankulo, kunafukulidwanso zibenthu za ziwiya zagalasi za zaka zoposa 1,000.

Mu 2010 Peter Robertshaw, Marilee Wood ndi anzao anafalitsa zimene anapeza atayesa mikanda 360 yocokera pa mabwinja 19 a kumwera kwa Africa. Anapeza kuti mikanda yakale koposa, ya zaka za m'ma 700 kufikira 900, ndi ya galasi la phulusa limene lioneka kuti linacokera ca ku Iran, pamene ya pambuyo pake ioneka kuti inacokera ca ku India. Mtundu wina wa ku India, umene unaculuka kuyambira m'zaka za m'ma 1400 kufikira za m'ma 1600, auchula dzina la Khami, bwinja la pafupi ndi Bulawayo. Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 anapeza kuti anthu afuna mikanda ya ku India imene anaizolowera, ndipo anakakamizika kukaigula komweko.

M'Zambia muno malo ochuka ndi Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu athira m'Zambezi kumunsi kwa Kariba. Mu 1960 anchito okumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda a anthu ovala mikanda ya golide ndi ya galasi, makoza, mphande ndi mitanda ya mkuwa. J. H. Chaplin, ndiponso Brian Fagan wa ku nyumba ya zakale ya ku Livingstone, anafukula malowo mosamala. Kwa nthawi yaitali anthu anali kuyesa kuti mandawo ndi a zaka za m'ma 1300 kapena 1400. Koma mu 2017, atayesa tinsanza ta thonje timene tinasungidwa kucokera m'manda awiri, Susan McIntosh ndi Fagan anaonetsa kuti ndi a zaka za m'ma 1500. Tinsanzato tikadatayidwa mu 1960, coonadi cikadatayika nato.

Ndipo inu Acewa amene mupita ku Kulamba ku Mkaika, dziwani kuti ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'Malawi, kumene kunali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yambiri, zibenthu za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njobvu. Buku lake linatuluka mu 2020. Makolo athu anali pa malonda ndi maiko a kutsidya kwa nyanja zaka 400 zapitazo.

MTENDERE: YANKHO KWA AZAKHALI

Kucoka ku Kalingalinga kupita ku Mtendere ndi ulendo wa pansi. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndipo azakhali anandiyalira mphasa pa khonde. Ndinayamba ndi khosi la botolo lija. Ndinaonetsa mdzukulu wao kamzere kocepa kokwera m'mbali mwa khosi kufikira pa mlomo penipeni. Mzere wotere usiyidwa ndi makina oumba mabotolo, amene Michael Owens wa ku America anawayamba mu 1903. Botolo louzira ndi pakamwa liribe mzere wofika pa mlomo. Njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka mu 1905, ndipo Mtendere anayamba mu 1967. Botololo liyenera kuti linatayidwa ndi wina wa pa mafamu amene analipo komboni isanamangidwe. Mnyamata uja nkhope inagwa.

Za mikanda ndinati, "Azakhali, iyi ndi nkhani ina." Mikanda yofiira kunja ndi yoyera m'kati inali kupangidwa ku Venice m'zaka za m'ma 1800, ndipo inalowa m'dziko muno pa mitu ya amtengatenga a Acikunda, Abisa, Ayao ndi Aswahili. Apaulendo monga David Livingstone anali kunyamula mikanda yogulira cakudya m'midzi. Inali kugula minyanga, ndipo tisabise, inali kugulanso anthu. Koma mafakitale anapitiriza kupanga yofanana nayo m'zaka za m'ma 1900, motero maso okha sangathe kuweruza. Makina ndiwo angathe, pakuti kufiira kwa yakale kunacokera ku golide, pamene ya pambuyo pake anaifiiritsa ndi mankhwala ena. Mdzukulu uja atamva za golide anadzuka, koma ndinamuuza kuti golideyo ndi wocepetsetsa, wosaoneka ndi wosacotseka, ndipo woswa mkanda atsala ndi fumbi cabe.

Azakhali anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anayamba kuchula dzina la agogo ao, mudzi umene anabadwira, ndi mwambo umene anavalira mikandayo. Ndinauza mnyamata uja kuti atenge kope lake la ku sukulu alembe zonsezo, ndipo pepalalo tinalimanga m'kansanza komweko. Za mabuku ndi yunifolomu tinagwirizana kuti abale tisonkherane. Wogula wa pa msika akadapereka ndalama zotha sabata limodzi, ndipo mikandayo ikadapita kopanda dzina la mwini wake.

MAU KWA OWERENGA

Inu a kumudzi ndinu mulima pa mabwinja, ndinu mukumba zitsime ndi maenje a njerwa. Ngakhale Lusaka amene tamuyendayu ali pamwamba pa midzi yakale: ku Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda, David Phillipson anafukula mudzi wa anthu osula zitsulo wa zaka za m'ma 400. Makina anganene kumene galasi linapangidwa, koma sanganene kumene linapezeka, kuya kwake, ndi zimene linagona nazo pamodzi. Zimenezo adziwa ndi wopezayo yekha.

Cifukwa cake khasu lanu likatukula mikanda, mapale, zitsulo zacilendo kapena mafupa, lekani kukumba. Musatsuke, musasakanize, musagulitse. Ikani cizindikiro pa malopo, uzani anyakwawa ndi amfumu, ndipo mbiri ifike ku National Heritage Conservation Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989. Lamulo limeneli liteteza zinthu zakale za m'dziko muno zimene zinalipo isanafike 1924, ndipo liletsa kuzitulutsa kunja kopanda cilolezo. Amene muli pafupi mungafunsenso ku Lusaka National Museum mu Independence Avenue, imene inatsegulidwa mu 1996, kapena ku Livingstone Museum. Safunsa anadya phula.

Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli kansanza konga ka azakhali anga, khalani pansi ndi mwini wake madzulo ano, mwana wa sukulu ali pambali ndi pensulo.